Sukulu ya Pakhonde

Bolodi lathu ndi chitseko chakale. Bambo a ana anachichotsa ku bafa ya panja chiswe chitayamba kuchidya kumunsi, anadula mbali yodyekayo, n'kuchipaka penti wakuda kawiri. Mpaka lero chili pakhoma la khonde la kuseri, moyang'anizana ndi mtengo wa mapeyala. Ukalemba pafupi ndi pamene panali loko choko chimathyoka, choncho masamu onse a m'nyumba muno, kuyambira kuphatikiza mpaka kugawa, akhala akulambalala bowo limenelo.

Sitinachite kukhala pansi n'kupangana kuti ana athu aziphunzira pakhomo. Zinangotipeza. Lolemba pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ife, monga makolo ena onse kuno ku Area 25, tinadzuka ana ali pakhomo opanda kopita. Wachisamba, mtsikana, anali Sitandade 4. Mlongo wake anali Sitandade 2, mzime akadali wapamsana. Masabata oyamba ndinkangowatsegulira wailesi kuti amvere maphunziro amene ankaulutsidwa, ine n'kumagwira zanga. Tsiku lina ndikusankha nyemba ndinauza wamkuluyo kuti andiwerengere buku lake la Chichewa. Tsamba loyamba anathamanga nalo osapunthwa. Nditamutsegulira la kutsogolo, limene kalasi yawo inali isanafikepo, anangoti kakasi. Mwana ankaloweza. Zaka zinayi akuvala yunifolomu, akukhoza mayeso a teremu, koma mawu oti "nkhwangwa" sankatha kuwatchula payekha.

Aphunzitsi ake sindinawaimbe mlandu, ndipo lero sindiwaimbanso. Ndinalowamo m'kalasi mwawo: ana oposa zana atakhala pansi, mayi mmodzi kutsogolo, mawu atasasa. Mwana wofatsa amene amatsegula pakamwa limodzi ndi anzake akamayimba za pabolodi, angamudziwe ndani kuti sakuwerenga? Pamene sukulu zinkatsegulidwanso, a Sitandade 8 mu Seputembala, enawa mu Okutobala, mwana wanga anali atayamba kudziwerengera Uthenga Wabwino wa Marko, pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Ndinachita mantha kumubwezera m'chigulu chija. Tinati tidikire teremu imodzi. Teremu inabala chaka, chaka chinabala zaka zitatu.

Apa pali choti ndiulule. Anthu akandifunsa kutchalitchi chifukwa chake ana sakupita kusukulu, za kalasi yodzaza sindinkazitchula. Ndinkayankha zauzimu. Ndinkati tikufuna kulera ana m'njira ya Ambuye, kutali ndi zonyansa za dziko, n'kutchulapo Deuteronomo 6, pamene udindo wophunzitsa ana mawu a Mulungu unaikidwa pa makolo. Mayankhidwe amenewa sanali anga. Ndinawatola pa Facebook, m'magulu a amayi a ku America ophunzitsa ana awo kunyumba, kumene usiku ndinkathera bandulo ndikuyang'ana zithunzi za matebulo aatali, mashelefu odzaza mabuku ndi ana opesa bwino atagwirana manja popemphera. Yankho lauzimu lili ndi ubwino umodzi: limatseka anthu pakamwa. Mkulu wa mpingo ndani angatsutsane ndi Mose?

Amene anatsutsa ndi mayi anga. Anabwera kuchokera kumudzi, mphepete mwa phiri la Nkhoma, ndi kathumba ka mtedza ndi nkhuku yomanga miyendo. Iwo ndi a Chigwirizano, ndipo Baibulo lawo linasanduka lakuda m'mphepete chifukwa chogwiridwa. Masiku awiri anangoyang'ana, osanena kanthu. Tsiku lachitatu, ana atatumidwa kuchigayo, anandiitana pamphasa.

"Iwe, ana awa anawachotsa sukulu?"

"Ayi amayi, ndikuwaphunzitsa ndekha. Tikufuna akule m'Chikhristu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chikhristu chake chiti chothawa sukulu?"

Funso limenelo linandikwiyitsa sabata yathunthu, ndipo chimene chinandikwiyitsa n'chakuti linali ndi mutu. Kwathu tchalitchi ndi sukulu zinalowera khomo limodzi. Amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ndipo m'midzi yozungulira nyumba yoyamba imene ankamanga inali ya udzu, yophunziriramo mkati mwa sabata ndi kupemphereramo Lamulungu. Mphunzitsi ndi mlaliki anali munthu mmodzimodzi. Cholinga chinali chakuti Mkhristu azidziwerengera yekha Mawu, ndipo Buku Lopatulika, limene William Murray anatsogolera ntchito yolimasulira, litatuluka mu 1922, m'nyumba zambiri linali buku lokhalo. Pa nthawi ya ubwana wa mayi anga, kholo losunga mwana pakhomo linali lija lomutumiza kubusa, kapena lomuthamangitsira kudambwe, kapena lofuna kukwatiwitsa mtsikana asanakhwime. Kutumiza mwana kusukulu kunali mbali ya umboni wako ngati Mkhristu. Ndiye mwana wawo wobadwira m'mpingo akusunga adzukulu pakhonde, n'kumati akuchitira Yesu.

Anawonjezanso china chimene chinandilasa kwambiri. "Ine ndinkagulitsa mtedza kuti iwe ulowe m'kalasi. Iwe sukulu yaulere ukuikana." Ankanena za 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kwa iwo chimenecho chinali chozizwitsa chimene anachiona ndi maso. Kwa ine chinali chiyambi cha kalasi ya ana zana ija. Tonse tinkanena zoona, ndipo nkhuku tinadyera limodzi tisanagwirizane.

Atabwerera kumudzi ndinayamba kufufuza kumene amayi a pa Facebook aja anatenga mkangano wawo. Mu 1962 ndi 1963 khoti lalikulu la ku America linaletsa mapemphero otsogozedwa ndi sukulu komanso kuwerenga Baibulo ngati mwambo wa m'mawa m'sukulu za boma. M'zaka za m'ma 1970 John Holt, mphunzitsi amene zifukwa zake sizinali zachipembedzo, ndiponso Raymond Moore ndi mkazi wake Dorothy, a mpingo wa Seventh-day Adventist, ankalimbikitsa makolo kuti ana aang'ono amaphunzira bwino pakhomo. Mabanja achikhristu ambiri anatola ganizolo, ena anazengedwa nalo milandu, mu 1983 maloya anakhazikitsa bungwe la HSLDA lowateteza, ndipo pofika 1993 kuphunzitsa ana kunyumba kunali kololedwa m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Mkangano wawo unali ndi sukulu imene pemphero linatulutsidwamo. Nanga wanga unali ndi yani? Kuno asembule imayamba ndi pemphero, Baibulo ndi phunziro la m'kalasi, ndipo sukulu zambiri zimene boma limalipira aphunzitsi ake ndi za CCAP, za Katolika, za Anglican. Ndinali nditagula chijasi cha chisanu pa kaunjika n'kumachivala pa dzuwa la Okutobala.

Chijasicho chinabwera ndi mabuku ake. Tinawagula kwa banja lina la azungu limene linkabwerera kwawo, katoni yathunthu, okongola, onunkhira bwino, vesi pa tsamba lililonse. Masamu ake anali a madola ndi masenti, miyeso yake mainchesi ndi mamailosi, chaka chake cha nyengo zinayi. Mnyamata wanga atauzidwa kuti ajambule nyumba yakwawo, anajambula ya chumuni chofuka utsi, denga litakutidwa ndi chipale chofewa chimene sanachionepo. Ankamudziwa George Washington ndi chaka chimene anakhala pulezidenti. Tsiku lina ndinamuonetsa K500 n'kumufunsa kuti nkhope ili apayi ndi ya ndani. Anati ndi mwini banki. John Chilembwe, mbusa amene anatsegula mishoni ndi sukulu zake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, amene dziko limapuma pa 15 Januwale pomukumbukira, m'sukulu yanga yachikhristu munalibe. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkhani yoitanitsa mabuku otsatira inatha yokha. Kugwa kwa 44 peresenti mu Novembala 2023 kunangopeza titasiya kale. Tinagula mabuku a silabasi ya boma, olembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo zotsalazo tinkazitola pamene zili. Masamu a kuchotsera ankachitikira pamsika, mwana atagwira ndalama, wogulitsa tomato akudikira chenji. Ulimi unali kuseri kwa nyumba, pa mizere isanu ndi umodzi ya chimanga ndi bedi la mpiru. Zimenezi zinayenda, ndipo sindinong'oneza nazo bondo.

Chimene sichinayende ndi ine.

Madzulo ena ndikuanula zovala ndinamva mawu kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Mzime, ali ndi zaka zinayi, anali atandanda zitsononkho zisanu pansi, iye ataima kutsogolo ndi kamtengo m'manja. Ankaphunzitsa. "Ndakuuza kangati iwe? M'mutu mwakomo muli madzi?" Anamenya chitsononkho chimodzi mpaka chinagubuduka. Kenaka anasintha mawu, anawafewetsa, n'kunena kuti, "Tiyeni titseke maso tipemphere." Mawu onse awiri anali anga, okalipawo ndi opempherawo, ndipo anawasanja monga momwe ankawamvera tsiku ndi tsiku. Ndinaima ndi zovala m'manja, mapazi atalemera.

Palibe amene anandichenjeza za ichi. Mphunzitsi wa kusukulu akakalipa, belu limalira, mwana amanyamula chikwama, amafika pakhomo n'kudandaulira mayi ake. Nanga mphunzitsi akakhala mayi ake omwewo, athawira kuti? Tikakangana pa masamu m'mawa, mkanganowo unkatitsatira kukhitchini, n'kukhala nafe pa nsima ya masana, n'kudzagwada nafe pa mapemphero a usiku. Ndinachotsa ana pakati pa anthu kuti asatengere zoipa, n'kuwatsekera ndi wochimwa mmodzi kuyambira m'mawa mpaka kogona. Mavesi oloweza ankawatha bwino, Lachisanu lililonse vesi latsopano. Koma katekisimu amene ankalowa zenizeni anali nkhope yanga pamene mwana walephera kachitatu, mmene ndimayankhira bambo awo magetsi akazima nsima isanapse, zimene ndimanena za mnansi akangotuluka pageti.

Usiku umenewo ndinachita chinthu chimene mayi anga sanandichitirepo, ndipo sindiwadandaula, chifukwa kwathu wamkulu sapepesa mwana. Ndinawaitana onse atatu n'kunena kuti ndakhala ndikulakwa, andikhululukire. Wamkulu anayang'ana pansi mwamanyazi, ngati wandiona ndisanavale. Mnyamata anafunsa ngati ndiye kuti mawa kulibe masamu. Kukalipa sikunathe tsiku lomwelo, ndinganame. Koma kuyambira pamenepo mwana ankatha kunena kuti, "Amayi, mwayambanso," ine n'kutuluka kukamwa madzi. Pa zonse zimene zinaphunzitsidwa pakhonde paja m'zaka zitatu, ndikuganiza kuti phunziro lachikhristu lenileni linali limenelo, ndipo silinali pa ndandanda ya maphunziro.

Amayi a m'magulu aja amakonda kutchula Susanna Wesley, mayi wa John ndi Charles Wesley, amene ankaphunzitsa ana ake m'nyumba ya abusa ku Epworth ku England. Anabereka ana 19, pafupifupi theka anamwalira ali makanda, ndipo otsalawo ankawayambitsa zilembo akakwana zaka zisanu, maola asanu ndi limodzi pa tsiku. Chimene ndinatengako kwa iye n'chakuti mwana aliyense anali ndi nthawi yake pa sabata yocheza naye payekha; John tsiku lake linali Lachinayi. Ndinayesa, ndipo ndi pa nthawi zoterozo, tikusenda mbatata awiriwiri, pamene ndinamva zimene ana anga ankaganiza. Koma pali mbali ya nkhani yake imene sinkatchulidwa kawirikawiri. Mayi ameneyu anyamata ake anawatulutsa. John anapita ku sukulu ya Charterhouse ku London mu 1714 ali ndi zaka khumi, Charles anapita ku Westminster. Anawaumba pakhomo, kenaka anawatsegulira chitseko.

Ine chitseko ndinkachigwira ndi manja awiri. Mnyamata wanga anali ndi chizolowezi choima pageti cha m'ma 1 koloko, nthawi imene ana oweruka amadutsa ali piringupiringu, akukankhana, akumenya mpira wa mapepala. Sankapempha kanthu. Ankangoyang'ana. Ndinkadziuza kuti ali ndi anzake ku Sande sukulu, ngati kuti maola awiri pa sabata, atavala nsapato zothina, angakwanire mwana wa zaka khumi.

Mu Januwale 2023 kolera inachititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa. Anansi, amene kale ankandiona ngati wodzimva, anayamba kubwera mmodzimmodzi: "Amayi, awa angakhale nawo pabolodi panupo?" Sabata isanathe pakhonde panali ana asanu ndi anayi, ndowa ya madzi a kolorini ili pakhomo. Mwana wanga wamkulu, uja ankalephera "nkhwangwa", anatenga aang'ono atatu n'kukhala nawo pansi pa mapeyala, ndipo ndinamumva akuphunzitsa moleza mtima kuposa mayi ake. Mnyamata anasanduka munthu wina: wophokosera, wokangana, wofuna kupambana, masamu amene ankandikanira ankawathamangira kuti asapitiridwe ndi mnzake. Mnzakeyo anali mwana wa banja la Chisilamu la kuseri kwathu. Tikamapemphera iye ankakhala chete, manja pamiyendo, ndipo popereka kope ankagwira ndi manja awiri, atanyonyomala pang'ono. Dziko limene ndinkatchingira ana anga linalowa pageti, ndipo linali ndi ulemu kuposa iwo. Usiku wina mnyamata wanga anandifunsa chifukwa chake mnzake sadya masana mwezi wina, ndiponso ngati Mulungu amamumva akapemphera. Zaka zitatu za mavesi sizinabale funso ngati limenelo. Tinakhala pa mphasa mpaka mochedwa, ine ndi bambo ake tikuyankha zimene tikanatha.

Pa Pasaka chaka chomwecho kunabwera achimwene anga, atsibweni a anawa. Kwathu mwini mbumba akabwera ndi nkhani sayamba ndi nkhaniyo. Anadya, anafunsa za mvula, anayamikira chimanga cha kuseri. Kenaka anapempha kuti alamu awo akhalepo.

"Mlongo, ntchito wagwira, ndaona ndekha mwana akuwerenga. Koma ana awa si ako wekha. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti pulayimale ndi yokakamiza, icho n'chimodzi. Chachiwiri, mayeso a MANEB a Sitandade 8 adzalemba bwanji, ndipo ku sekondale adzasankhidwa kuchokera pakhonde? Chachitatu, iwe ukadzadwala?"

Ndinayankha kuti ana akuphunzira, ndipo lamulo likufuna zomwezo. Za mayeso ndinali ndi mayankho theka. Funso lachitatu ndinalibe nalo yankho, chifukwa chaka chapitacho malungo anandigoneka masabata awiri ndipo sukulu yonse inagona nane. Bambo a ana, amene nthawi yonseyi ankandichirikiza, ndipo Loweruka ankaphunzitsa sayansi ndi mabatire ndi mababu a tochi, ananena mofatsa kuti alamu akunena zoona. Ndinawakwiyira onse awiri mpaka Lachitatu.

Kuphunzitsa ana pakhomo sindikunyoza. Mwana wanga akanapitirira kukhala m'chigulu muja, bwenzi atafika Sitandade 8 akuyimba mawu osawadziwa, ndipo alipo ambiri otero. Kholo limene lili ndi mwana wotsalira, kapena wodwaladwala, kapena wozunzidwa ndi anzake, ndipo lili ndi nthawi ndi mphamvu, lisachite manyazi kumukhazika pansi n'kumuphunzitsa lokha. Ndikudziwanso kuti ndi mwayi wa ochepa: zinatheka chifukwa malipiro a bambo a ana ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi, ine n'kusiya ntchito yanga yowerengera ndalama. Mayi wogulitsa mandasi kuyambira m'bandakucha sangamve nkhani imeneyi, ndipo ndilibe chomuuza. Chimene ndikukana ndi dzina limene ndinapatsa zochita zangazo. Ndinali ndi chifukwa chabwino, chooneka ndi maso, mwana wosatha kuwerenga; ndinachibisa n'kuvala chifukwa chopatulika, chifukwa chinkandikweza pamaso pa anthu. Ndipo pansi pa zonsezo panali mantha wamba a mayi, amene ndinkawatcha chikhulupiriro. Mayi anga anatumiza mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri kuyenda mtunda wautali wopanda nsapato, kudutsa kumanda ndi pamtsinje, atamupempherera pakhomo n'kumusiya m'manja mwa Mulungu. Pa awirife, wokhulupirira anali iwo.

Mu Seputembala 2023 wamkuluyo analowa Sitandade 8 pa sukulu ina ya mpingo kufupi ndi kwathu, mlongo wake Sitandade 6. Sabata yoyamba mtsikana anabwera akulira kuti anzake akumuseka chifukwa sadziwa nyimbo za pa asembule ndipo amafunsa aphunzitsi mafunso ambiri. Mnyamata anabwera ndi mawu awiri otukwana ndi malaya ong'ambika, nkhope ili ngwee. Zonse ziwiri tinazikonza madzulo, pakhonde pomwepo, pamene tsopano pamachitikira homuweki ndi mapemphero. Mtsikanayo analemba mayeso mu 2024, anakhoza, ndipo anasankhidwa ku sekondale yoyendera. Agogo ake atamva anatumiza nkhuku ina, popanda uthenga.

Mzime akadali pabolodi m'mawa uliwonse, pamodzi ndi ana awiri a anansi amene amabwera katatu pa sabata. Wafika pa mawu a zilembo zophatikiza, ndipo dzulo anawerenga "nkhwangwa" payekha, chala chili pansi pa mawuwo. Tinapangana ndi atsibweni ake kuti akadzamaliza Marko wonse popanda womuthandiza, adzapita kusukulu. Ali pa mutu wachinayi, ndipo yunifolomu ya mkulu wake ndaipinda kale m'munsi.